Laputopu ya Mayi Fulusitopu

Apongozi anga, mayi ake a mkazi wanga, amatayipa makalata a anthu. Ntchitoyi anaiyamba ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo pano adutsa zaka makumi asanu ndi limodzi. Anayambira muofesi ya loya wina, pa makina achitsulo aja oti ukalakwitsa chilembo chimodzi pepala lonse lapita. Kenako analowa pakampani yogulitsa zitsulo za magalimoto n'kutayipa kumeneko zaka makumi awiri ndi ziwiri, mpaka tsiku lina mabwana anaona kuti kampaniyo ingayende bwino itatsekedwa. Antchito onse anapatsidwa kalata yowathokoza chifukwa cha khama lawo. Makalatawo anatayipa ndi apongozi omwe, kuphatikizapo yawo, popeza panalibe wina wodziwa kutero.

Nthawi imeneyo amuna awo anali atamwalira kale, ndipo panyumba panali atsikana anayi ofuna kudya, kuvala ndi kupita kusukulu. Mayiwo sanakhale pansi n'kumalira. Ananyamula tebulo la pabalaza, mipando iwiri, makina akale otayipira ndi nsalu ya pulasitiki yamaluwamaluwa, n'kukaziika pakhonde la masitolo oyang'anizana ndi ofesi imene anthu amakalembetsako zikalata. Ofesi imeneyo silandira kalata yolemba pamanja. Munthu amafola kuyambira m'mawa, akafika pawindo amamuuza kuti kalata yake akaitayipitse, ndipo akangotembenuka maso ake amagwera pa tebulo la apongozi.

Pakhondepo palibe amene amadziwa dzina lawo. Onse amawatcha Mayi Fulusitopu. Akatha kutayipa amamuwerengera mwini kalata mokweza, osadumpha kanthu: "Ndikupempha, koma, ngati n'kotheka, koma, kuti mundisamutse, fulusitopu." Ena amayamba kudabwa kuti koma ameneyu wachokera kuti pamene iwo sanatsutse chilichonse, mpaka atawalozera kachizindikiro pa sikirini. Kuyankhula kwawo n'komwekonso. Akanena chinthu chatha, ndipo wofuna kuwonjezera ayambe ndime yake kunyumba kwake.

Kalata satayipa mmene wainenera. Munthu amabwera atakwiya, akufuna kuuza bwana wake kuti ndi wakuba ndiponso mutu wake suyenda bwino. Apongozi amamvetsera mpaka amalize, n'kutayipa kuti, "Ndikupempha modzichepetsa kuti nkhani yanga muionenso." Alipo ambiri m'tauni muno amene akadali pa ntchito chifukwa mawu awo enieni sanafike papepala.

Laputopu imene amatayipira tsopano anawapatsa pambuyo pake ndi mwana wawo woyamba, mlamu wanga amene amagwira ntchito kunja. Inabwera itagwirapo kale ntchito, yakuda, yonenepa, yolemera ngati njerwa ziwiri. Zilembo zina zinafufutika pa kiyibodi, koma zimenezo zinalibe kanthu chifukwa apongozi sayang'ana zala potayipa. Chofunika chinali batire. Pakhonde palibe soketi, ndiye ankaitchaja kunyumba, ndipo inkawafikitsa mpaka 2 koloko masana, nthawi imene ofesi ija imatseka windo lake. Kalata ikatha ankaiika mu fulashi, mwini kalata n'kupita nayo kusitolo yoyandikana nawo kuti akamupulintire. Zinthu zinkayenda choncho chaka ndi chaka, popanda wodandaula.

Kenako kunabwera ine.

Ine ndine mphunzitsi wa sekondale, ndinakwatira mwana wawo wachitatu. Ndili ndi satifiketi ya kompyuta imene ndinaiphunzira masabata atatu athunthu, ndipo ndinaiika m'fulemu pabalaza kuti alendo asavutike kufunsa. Pa zaka zisanu ndi zinayi za ukamwini wanga ndinali ndisanachitepo chinthu choti apongozi n'kuchitchula kwa anzawo. Mkamwini wina anawafolera denga. Wina amawanyamula pa galimoto kupita nawo kuchipatala. Ine ndinkangobwera ndi ana, kudya, kuthokoza n'kumapita. Mumtima ndinkadikira tsiku langa.

Linafika Lamlungu lina titapita kukacheza. Titatha kudya masana, apongozi anatuluka kukaona mnansi wawo amene ankadwala mwendo. Laputopu inali pa kabati, ikutchajidwa. Ndinaitsegula kuti ndingoona, ndipo pa sikirini panatuluka uthenga woti sisitimu yatsopano yakonzeka. Sisitimu ndi pulogalamu yaikulu ija imene imayendetsa kompyuta yonse. Uthengawo unkalonjeza liwiro, chitetezo ndi maonekedwe okongola, ndipo pansi pake panali mabatani awiri, lina loti "tsopano" lina loti "nthawi ina."

"Inu, siyani zimenezo," anatero mkazi wanga akupukuta mbale. "Amayi amadina 'nthawi ina' m'mawa uliwonse. Chino ndi chaka chachitatu."

"Vuto lake ndi limenelo," ndinamuyankha. "Makina safuna mantha."

Ndinadina "tsopano."

Sikirini inasanduka yabuluu, timadontho tinayamba kuzungulira, ndipo panalembedwa kuti tisazimitse. Ndinakhala pambali pake ngati mlonda. Apongozi anabwerako patapita maola awiri, zinthu zili pa 62 peresenti. Anaima pakhomo, kuyang'ana laputopu, kenako kuyang'ana ine.

"Aphunzitsi, pamenepa pakuchitika chiyani?"

"Ndikuikweza, amayi. Iziyenda ngati yatsopano."

"Inakudandaulirani kuti ikuyenda ngati yakale?"

Ndinaseka, poganiza kuti ndi nthabwala. Iwo sanaseke. Itamaliza ndinawaonetsa mitundu yatsopano, tizithunzi tosalala, ndi kakona kamene kankanena za nyengo. Anandifunsa kuti makalata awo ali kuti. Ndinawapeza patapita mphindi makumi awiri, ndipo ndinaona ngati ndapambana. Panjira yobwerera ndinauza mkazi wanga kuti mawa amayi andiimbira foni.

Anaimbadi. Ndinali m'kalasi, ndikuphunzitsa za kayendedwe ka mphepo, foni inanjenjemera m'thumba. Ndinatuluka panja.

"Ainjiniya, mwadzuka bwanji?"

Kanali koyamba kumva dzina limenelo.

"Ndadzuka bwino amayi, kaya inu?"

"Ine ndadzuka. Mwana wanuyu ndiye wagonanso. Nthawi ili bwanji kumeneko?"

"Yangokwana hafu naini."

"Kunonso chimodzimodzi. Ndimafuna nditsimikize, mwina munakwezanso nthawi."

Zimene zinachitika m'mawa umenewo ndinazimva bwino kwa mayi wogulitsa madzi ozizira, amene amakhala ndi kabokosi kake pafupi ndi tebulo la apongozi. Akuti atangoiyatsa, fani ya mkati inayamba kulira ngati minibasi yodzaza ikukwera chitunda. M'mbali munkatuluka mpweya wotentha woti n'kuumitsira sokosi. Posakhalitsa maluwa a pa nsalu ya pulasitiki anakwinyika n'kumatirira pansi pa laputopu. Apongozi ankatayipa kalata ya mlonda wina wachikulire wopempha kuti amusamutsire pafupi ndi kwawo, ndipo atafika pa mawu oti "chifukwa cha ukalamba wanga," sikirini inada bii. Pa benchi panali anthu asanu ndi awiri akudikira. Apongozi anatulutsa kope ndi bolopeni, kulemba nkhani ya aliyense pamanja, n'kuwauza kuti abwerenso mawa. Ena mwa iwo anali atachokera kutali.

Madzulo ndinapita ndi mayankho. Ndinali nditawerenga pa intaneti kuti zimenezi zimachitika masiku oyamba, kompyuta imakhala ikusanja zinthu zake.

"Ikukhazikika, amayi. Muipatse masiku awiri kapena atatu."

"Chabwino. Ndiwauza anthu a pa benchi kuti nawonso akhazikike."

Masiku atatu anatha. Laputopu inakhazikika pa kutentha. Tsiku lililonse ndikaweruka ndinkathamangira pakhondepo ndi nzeru yatsopano. Ndinaika zitsekerero zinayi za mabotolo pansi pake kuti mpweya uzidutsa, ndipo zinathandiza nsalu, osati batire. Mayi wa madzi anabwereketsa mabotolo awiri ozizira kuti aziima m'mbali mwake ngati achibale a wodwala. Mwini kalata aliyense ankapatsidwa fayelo kuti azikupiza kalata yake ikutayipidwa. Odutsa nawonso sanatimane maganizo. Dalaivala wa takisi anati galimoto ikatero ndiye kuti yatha madzi. Mesenjala wa kuofesi ija anati ndi vairasi, ndipo anabwerera pang'ono kuti ingamupatsire. Bambo wina wa jekete yoyera anadzipereka kuti aipempherere, koma apongozi anamuuza kuti ngati ali ndi pemphero lotsala aliponye kwa mkamwini.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinatsitsa kuwala kwa sikirini mpaka pansi, popeza intaneti inati kuwala kumadya batire. Batire inapeza mphindi khumi ndi zisanu zoonjezera. Apongozi anataya maso. Pakhonde pamawala dzuwa, ndipo pa sikirini sankaonapo china koma nkhope yawo. Anapitiriza kutayipa ndi zala zokha, mmene anaphunzirira kwa loya uja, ndipo m'menemo ndi mmene munalowera chinthu chimene chinawapweteka koposa kutentha konse.

Apa ndiyenera kunena za mwini sitolo yopulintira, amene anthu amangomutcha Bambo Fotokope. Ndi munthu wamtali, wadazi, wovala magalasi pamphumi osati pamaso. Iye ndi apongozi ankadalirana pa ntchito tsiku lililonse, koma anali asanayankhulane kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Tsiku lina kale Bambo Fotokope ananena pamaso pa kasitomala kuti m'kalata ya apongozi mwasowa chilembo. Atafufuza anapeza kuti chilembocho chinalipo, pulinta yake ndi imene inali itatha inki. Iye sanapepese, iwo sanaiwale. Kuyambira pamenepo fulashi inkapita ndi kubwerako m'manja mwa makasitomala, anthu awiriwo atakhala motalikirana mayadi atatu, aliyense akuyang'ana msewu.

Tsiku la sikirini yamdimalo, mtsikana wina wofunsira ntchito ya ukalaliki anatenga fulashi kupita nayo kukapulintitsa, koma anabwerako chimanjamanja.

"Akuti fulashi ikuvuta kutseguka, muikemonso kalatayo. Akutinso mukamaikamo muone mzere woyamba."

Apongozi anaphimba sikirini ndi chikhatho n'kuwerama. Pamene pankayenera kukhala "Wolemekezeka Bwana" panalembedwa kuti "Wolemekezeka Mwana." Anakonza chilembocho n'kumubwezera mtsikanayo fulashi, imene ulendo uno inatseguka popanda vuto. Mayi wa madzi akuti apongozi anakhala nthawi yaitali manja ali pa ntchafu. Zaka makumi anayi osalakwitsa, ndiye tsiku lolakwitsa wokuona n'kukhala Bambo Fotokope, komanso iyeyo n'kukubisira manyazi. Akanakhala kuti anawaseka, bwenzi zili bwino, akanadziwa choyankha.

Ine ndinapitirizabe kukonza. Mkazi wanga anayamba kunena za mayi wina wokonza makompyuta amene ali ndi kashopu pansi pa masitepe a nyumba ya nsanjika kumsika. Ndinamuuza kuti anthu amenewo amangotsegula zinthu osadziwa chimene akufuna. Pa tsiku la khumi ndi chiwiri anandiuza kuti ndisankhe, kupita nayo kwa mayiyo kapena kusamukira kusukulu ndi satifiketi yanga. Ndinaona kuti si bwino kumana akatswiri anzanga mwayi.

Apongozi anakana kuti ndiinyamule ndekha. Anaikulunga m'thawulo, kuiika m'chikwama, n'kumayenda patsogolo ine ndili m'mbuyo. Kashopuko kanali kodzaza ndi mawaya ndi makompyuta opanda zivundikiro. Mayi wokonzayo anali wachitsikana, atamanga kansalu kumutu, sikuludiraiva ili kukhutu. Anaiyatsa, kumvetsera kulira kwa fani, n'kuika dzanja m'mbali.

"Anaikweza ndani?"

"Katswiri wina," anatero apongozi. "Ali ndi satifiketi. Ili m'fulemu."

Mayiyo anandiyang'ana. "Ndi awa?"

"Sindinatchule munthu."

"Anaikweza liti?"

Ndinayankha ine kuti papita masiku khumi ndi awiri. Mayiyo anachotsa sikuludiraiva kukhutu n'kuiika patebulo.

"Mukanabwera dzana, bwenzi tikungodina batani limodzi n'kubwerera ku yakale. Imasunga sisitimu yakale masiku khumi okha, kenako imaifufuta. Masiku onsewa munali kuti?"

"Timaikupiza," anatero apongozi.

Mayiyo anafotokoza kuti sisitimu yatsopanoyo anaipangira makina atsopano, ndipo kuiika m'laputopu ya zaka zimenezo kunali ngati kusenzetsa nkhalamba kabati. Njira yobwerera inalipo, koma yofufuta zonse n'kuyambiranso, ndipo pulogalamu yakale yotayipira imene apongozi anaizolowera mwina sikanabwereranso. Apongozi anati makinawo akonzedwa mokwanira mwezi uno. Ndiye mayiyo anachita zimene akanatha. Anamasula chivundikiro cha pansi n'kusolola pa fani chinthu chotuwa chooneka ngati chidutswa cha bulangete, fumbi la zaka zambiri losakanikirana ndi tsitsi ndi nyenyeswa za mabisiketi. Kenako anayamba kuzimitsa tinthu timene sisitimu yatsopano inkayendetsa mobisa: ka nkhani, ka masewera, ka nyengo, ndi kena kamene kankayesa kutumiza makalata onse a apongozi kumalo osungira pa intaneti, pamene pakhonde palibe intaneti. Kankalephera, n'kuyambiranso, tsiku lonse.

"Kameneka kandikumbutsa munthu wina," anatero apongozi.

Batire yatsopano ya mtundu umenewo inali itasiya kupezeka. Mayiyo anatiuza mosabisa kuti yakaleyo inali yotopa kale, ndipo masabata awiri a kutentha anaimaliza. Tinabwerako ndi laputopu yofika 11 koloko. Kuyambira pamenepo mpaka 2 koloko panafunika soketi, ndipo pakhonde lonselo soketi yapafupi inali imodzi yokha, pansi pa windo la Bambo Fotokope, mkati.

Apongozi anatha masiku angapo akuweruka 11 koloko ngati munthu wopuma pa ntchito. Makasitomala anayamba kupita kutsidya la msika kumene kuli wotayipa wina amene amalemba zilizonse wamuuza, zotukwana zomwe. Loweruka lotsatira, pamene ofesi ija imatsegula theka la tsiku, anandiitanitsa. Nditafika anandipatsa fulashi.

"Pitani nayo apo."

"Ndikanene chiyani, amayi?"

"Musakanene kanthu. Mwanena zokwanira."

Ndinalowa m'sitolomo. Bambo Fotokope anatsitsa magalasi kuchoka pamphumi, kulowetsa fulashi n'kutsegula kalata imodzi yokha imene inalimo. Ndinaiwerenga ndili kumbuyo kwake. Inali ndi deti, keyala ndi mutu wodulidwa mzere pansi. Inati: "Kwa mwini sitolo ya fotokope. Ndikupempha kugwiritsa ntchito soketi yanu ya pansi pa windo kuyambira 11 koloko m'mawa mpaka 2 koloko masana, masiku a ntchito. Chifukwa chake mukuchidziwa. Ndi chomwecho chabweretsa kalatayi."

Anaiwerenga kawiri, ndikhulupirira pofufuza cholakwika. Kenako anaipulinta, kuitembenuza, n'kulemba kumbuyo ndi bolopeni. Ndinapita nayo kwa apongozi. Panalembedwa kuti: "Ndavomera, koma, muzindipatsa moni, fulusitopu."

Apongozi anaiwerenga n'kudzutsa mutu.

"Koma wakeyu ndi uti? Wachizindikiro kapena wotsutsa?"

"Onse awiri," anayankha Bambo Fotokope pawindo. Amenewo ndiwo mawu oyamba kudutsa mayadi atatu aja pa zaka zisanu ndi ziwiri.

Lolemba ndinabweretsa waya wautali wolumikizira magetsi. Pa zonse zimene ndinachita pa nkhaniyi, chimenechi chokha ndi chimene chinagwira ntchito. Apongozi anautembenuza uku ndi uku n'kundifunsa ngati nawonso umakwezedwa. Nditawatsimikizira kuti ayi, analola kuti ndiudutsitse pawindo.

Patha chaka ndi theka. Laputopu ikadali yotentha, ngakhale siisungunulanso nsalu. Apongozi amaika kapu ya tiyi pambali pamene pamatuluka mpweya, ndipo akuti imakhala yofunda mpaka masana, phindu lokhalo limene analiona pa sisitimu yatsopano. Mlamu wanga wakunja amalonjeza laputopu ina pa tchuthi chilichonse. Moni wa m'mawa amaperekedwa mokhulupirika, ndipo ukatha pamayamba mkangano. Bambo Fotokope amati wayayo amamukola mwendo. Apongozi amati munthu wovala magalasi pamphumi asanamizire waya. Amakangana za mapepala, za inki, za amene wasesa khonde mosalongosoka. Mwezi watha Bambo Fotokope atadwala masiku anayi, apongozi ndi amene anasunga makiyi a sitolo, ndipo anadandaula kwa aliyense kuti pakhonde pazizira ngati kumanda.

Ine dzina la Ainjiniya linandikanirira. Alamu anga onse amanditchula choncho, ndipo mwana wanga wamng'ono anauza aphunzitsi ake kuti imeneyo ndiyo ntchito ya bambo ake. Ndikalowa m'nyumba mwa apongozi, mafoni amalowa m'matumba.

Sabata yatha ndinadutsa pakhondepo ndikuchokera kusukulu. Ndinapeza Bambo Fotokope atatsegula makina ake aakulu, akukanda dazi. Pepala lililonse linkatuluka ndi mzere wakuda pakati. Atandiona anasangalala.

"Aphunzitsi, inu mumadziwako za makina. Tabwerani muone."

Ndinaika chikwama pansi n'kuyamba kupinda malaya. Apongozi sanasiye kutayipa kalata ya bambo wina amene anaima pambali pawo, ndipo sanatembenuke n'komwe.

"Bambo Fotokope, muli ndi ana angati?"

"Asanu."

"Onse anamaliza sukulu?"

"Atsala awiri."

"Ndiye tsekani makinawo, ndikupatsani nambala ya mayi wa pansi pa masitepe. Ainjiniya, khalani apa mundiwerengere keyala ya bambowa, alemba moipa."

Ndinakhala pa mpando wa makasitomala n'kuwerenga keyalayo pang'onopang'ono, iwo akutayipa.